Kuchipinda kwa chipani kumagona njala: nkhani ya dera la Cabramatta

Lero uthengawu ndi wautali, ndiye amene bandulo yake ikuwerengeka asunge kaye adzawerenge madzulo. Koma musautumize kwa ena musanafike kumapeto, chifukwa ena mumangoona mutu basi n'kuyamba kutukwana.

Ndikufuna tikambe za dera lina la phungu lomwe lili kutali kwambiri ndi kuno, ku Australia, kunja kwa mzinda wa Sydney. Dzina lake ndi Cabramatta. Wina afunsa kuti za ku Australia zikutikhudza bwanji ife a usipa. Dikirani. Nkhani yake ikuyambira pa boti la asodzi, ndipo ikuthera pa funso lomwe ife timakangana chaka chilichonse cha chisankho: kodi dera lomwe limavotera chipani chimodzi osasintha limapindula chiyani ndi kukhulupirika kwakeko?

Tiyambe ndi botilo. Pa 30 April 1975 mzinda wa Saigon unagwa ndipo nkhondo ya ku Vietnam inatha. Anthu ambiri a kummwera kwa dzikolo, makamaka omwe anali mbali ya boma logonja, anayamba kuthawa. Njira inali ya panyanja. M'mwezi wa April 1976 boti la matabwa lotchedwa Kien Giang linakocheza pa doko la Darwin, kumpoto kwa Australia, muli anyamata asanu. Wotsogolera wawo, Lam Binh, analibe chida chilichonse chamakono cholondolera njira. Anali ndi tsamba limodzi lothothola m'buku la mapu la kusukulu. Inu amene munaolokako pa boti tsiku la mwera mukudziwa mmene mtima umakhalira injini ikangotsokomola kamodzi pakati pa madzi. Tsono ganizirani nyanja ya mchere, ulendo wa masabata, boti lopangidwira kuwedza pafupi ndi gombe, mafuta owerengeka, pulagi ikafa palibe pogula ina. Ine monga munthu wokonza mainjini ndimati ndikaganiza zimenezi ndimavula chipewa. Ndipo ambiri sanafike. Ena injini inazima n'kumangoyandama mpaka madzi akumwa kutha, ena anakumana ndi achifwamba a panyanja.

Koma tisanamizane, si onse anafika ku Australia pa boti. Omwe anakocheza okha pakati pa 1976 ndi 1981 anali pafupifupi 2,000 basi. Ambiri ankathera m'misasa ya othawa kwawo ku Malaysia, Thailand, Indonesia, Philippines ndi Hong Kong, kenako boma la Malcolm Fraser linkawatenga pa ndege. Chimenechi chinali chachilendo, chifukwa kuyambira 1901 Australia inali ndi malamulo oletsa anthu omwe si azungu kukhazikika m'dzikomo, ndipo malamulowo anathetsedweratu mu 1973, zaka ziwiri zokha nkhondo ija isanathe. Lero anthu obadwira ku Vietnam okhala ku Australia ndi oposa 250,000.

Nanga bwanji Cabramatta? Malowa ali makilomita pafupifupi 30 kuchokera pakati pa Sydney, chakumadzulo cha kummwera, pansi pa khonsolo ya Fairfield. Eni nthaka enieni ndi anthu otchedwa Cabrogal, ndipo akuti dzinali likuchokera ku nyongolotsi ina yomwe imaboola mitengo yomira m'madzi, yomwe iwo ankadya. Mdani wa matabwa a boti kwa ena ndi ndiwo, dziko ndi lalikulu. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma linamanga kumeneko nyumba zofikira alendo, ndipo munadutsa anthu a ku Britain, Italy, Poland, Yugoslavia ndi maiko ena a ku Ulaya. Mafakitale anali pafupi, lendi inali yotsika, sitima yapamtunda inkadutsa pomwepo. Munthu akatuluka m'nyumba yofikira ija sankapita kutali, ankafuna kachipinda pafupi ndi anzake olankhula chinenero chake. A ku Vietnam, Cambodia ndi Laos atabwera anachitanso chimodzimodzi. N'chimodzimodzi mmene dooko limakulira kuno: mmodzi akapeza kuti pali nsomba amaitana mlamu wake, mlamu aitana mnzake, pakutha zaka zisanu pali mudzi ndi msika.

Kalembera wa 2021 anaonetsa kuti m'tauni ya Cabramatta yeniyeniyo, munthu woposa mmodzi mwa atatu alionse anabadwira ku Vietnam, ndipo obadwira ku Australia komweko sakwana ngakhale mmodzi mwa atatu. Chipembedzo chachikulu ndi cha Chibuda. Nyumba zambiri salankhula Chingerezi pakhomo. Ndi dera la anthu ogwira ntchito zamanja, a m'mafakitale, osoka zovala, a timashopu ndi malo odyera, ndipo malipiro awo ndi otsika poyerekeza ndi madera ena a Sydney.

Tsopano ndale. Australia ili ndi boma lalikulu ku Canberra, komanso chigawo chilichonse chili ndi nyumba yake ya malamulo ndi nduna yake yaikulu. Sydney ili m'chigawo cha New South Wales, chomwe nyumba yake ya aphungu ili ndi mipando 93. Boma la chigawo ndi lomwe limayendetsa polisi, zipatala, sukulu ndi sitima, ndiye phungu wa chigawo si munthu wamasewera, zinthu zomwe zimakhudza munthu tsiku ndi tsiku zili m'manja mwa boma limenelo. Kuvota n'kokakamiza, ukajomba popanda chifukwa umalipira chindapusa. Ndipo suchonga munthu mmodzi ngati kuno. Umalemba 1 pa amene ukumufuna kwambiri, ndipo ngati ukufuna umalembanso 2, 3 kutsika mmunsi. Wotsalira kwambiri amachotsedwa, mavoti ake n'kupita kwa amene ovotawo anamuika pachiwiri, mpaka patsale awiri.

Dera la Cabramatta linakhazikitsidwa mu 1981. Kuyambira chaka chimenecho mpaka lero, palibe chipani china chomwe chinapambanako kupatula Labor, chipani cha mabungwe a anthu apantchito. Zaka zoposa 40, chisankho chilichonse, mtundu umodzi. Kuno timati kuchipinda. Ngakhale Gough Whitlam, mtsogoleri wa Labor yemwe anakhala nduna yaikulu ya dziko lonse mu 1972, nyumba yake inali ku Cabramatta komweko. Chodabwitsa n'chakuti Whitlam yemweyo mu 1975 sankafuna kulandira othawa ku Vietnam ambiri, poganiza kuti anthu othawa chikomyunizimu sadzavotera chipani chake. Anawalandira ndi Fraser wa chipani cha Liberal. Koma anthuwo atakhazikika m'dera la mafakitale, dera linapitiriza kuvotera Labor. Mimba inaposa mbiri.

Onani mndandanda wa aphungu ake. Woyamba anali Eric Bedford. Mu 1986 kunabwera John Newman. Mu 1994 Reba Meagher. Mu 2008 Nick Lalich. Mu 2023 Tri Vo. Mwaona? Dera lomwe dziko lonse limalidziwa ngati likulu la anthu a ku Vietnam linadikira zaka 42 kuti mmodzi wa iwo akhale pa mpandowo. Kuchuluka kokha sikupereka mawu. Anthu atha kudzaza msika, kudzaza sukulu, kudzaza sitima, koma amene amasankha woimira chipani ndi kagulu kochepa kokhala m'chipinda, ndipo m'dera loti chipani sichiluza, kagulu kameneko ndi komwe kamasankha phungu. Tsiku lovota limangokhala mwambo.

Apa ndiyenera kukamba nkhani yowawa, chifukwa ndikaidumpha ndiye kuti ndikukunamizani. John Newman naye anali mwana wa alendo, anabadwira ku Ulaya n'kubwera ali wamng'ono. Anali munthu wolimba mutu, katswiri wa karate, ndipo ankalimbana poyera ndi magulu a zigawenga omwe anayamba kuzika mizu m'deralo. Pa 5 September 1994 usiku, anawomberedwa ndi mfuti pakhomo pa nyumba yake ku Cabramatta n'kufera pomwepo. Mu 2001 khoti linapeza Phuong Ngo wolakwa pa mlandu wokonza chiwembucho ndipo linamulamula kukhala kundende moyo wake wonse. Ngo ameneyu anali ndani? Anali wothawa kwawo wochokera ku Vietnam, khansala wa Fairfield, mkulu wa kalabu yotchedwa Mekong Club, munthu yemwe ambiri ankamuona ngati chiyembekezo cha mtundu wake pa ndale. Anapikisanako ndi Newman ngati woima payekha mu 1991, kenako analowa Labor n'kuyamba kulembetsa anthu ake ambirimbiri m'nthambi za chipani. Oimira boma pa mlandu anati chomwe ankafuna ndi mpando. Omwe ankaganiziridwa kuti ndiwo anawombera ndi kuyendetsa galimoto khoti linawamasula, ndipo Ngo wakhala akukana mlanduwo, koma kafukufuku wina yemwe anaunikanso nkhaniyi pambuyo pake sanasinthe chigamulo.

Ndakamba izi chifukwa pali anzathu ena omwe nyimbo yawo ndi imodzi: bola wakwathu. Ayi. Wakwathu atha kukhala woyamba kukugulitsa. Ndipo taonani chomwe chimachitika mpando ukakhala woti aliyense wovala malaya a chipani apambana: nkhondo yonse imasamukira mkati mwa chipani. Sipakhalanso kukopa ovota, pamakhala kulembetsa mamembala a pepala, kugula nthambi, kukankhana mumdima. Ku Cabramatta zinafika pa mfuti. Ndipo mtengo wake analipira ndi anthu wamba a ku Vietnam, omwe kwa zaka zambiri ankangoti akatchula kwawo anthu n'kuwayang'ana ngati zigawenga.

Newman atamwalira, chipani chinaika Reba Meagher, mtsikana wa zaka 27 wochokera m'magulu a achinyamata a chipanicho. Zaka zimenezo ndi zomwe Cabramatta inatchuka ndi heroin. Gulu la anyamata lotchedwa 5T linkalamulira misewu. Anthu ankakwera sitima kuchokera mbali zonse za Sydney kudzagula mankhwalawo pa siteshoni, masana dzuwa likuswa mtengo, ena n'kumakomoka m'makwalala ndi m'masitepe a nyumba za anthu. Anyamata ambiri a m'magulu amenewa anali ana omwe anakulira m'misasa, ena anafika opanda makolo, Chingerezi sadziwa, sukulu yawakana, mafakitale omwe akanawalemba ntchito akutsekedwa. Sindikuwaikira kumbuyo, ndikungonena komwe utsi unkachokera.

Tsono mvetserani apa. Kuyambira 1995 chipani cholamula New South Wales chinali Labor yomweyo, pansi pa Bob Carr. Phungu wa Labor, boma la Labor, dera la Labor. Mwa nzeru zathu za kuno tikanati Cabramatta yadya bwino, ili m'boma. Koma eni mashopu ndi makolo ankadandaula chaka ndi chaka kuti apolisi sakuchitapo kanthu, ndipo akuluakulu ankayankha kuti zinthu zikuyenda. Zinatengera nyumba yachiwiri ya malamulo ya chigawocho, komwe boma linalibe mphamvu zonse, kukhazikitsa kafukufuku wa momwe polisi ikugwirira ntchito ku Cabramatta. Wapampando wake anali Helen Sham-Ho, ndipo wapolisi wina wofufuza milandu, Tim Priest, anaima poyera n'kunena kuti mabwana ake akubisa kukula kwa vutolo. Mu 2001 m'pamene boma linatulutsa ndondomeko yeniyeni, apolisi owonjezera, malamulo atsopano ndi thandizo la omwe anakodwa ndi mankhwalawo. Chaka chomwechonso heroin anasowa m'dziko lonselo, ndiye sitinganene kuti boma lokha ndilo linachiza. Koma funso langa ndi ili: zikanakhala kuti vuto lomweli lili m'dera lomwe chipani chimapambana ndi mavoti 500 okha, kodi akanadikira zaka zonsezo?

Ine yankho langa ndi ayi, ndipo si chifukwa choti andale a kumeneko ndi oipa mtima kuposa ena. Ndi masamu chabe. Mwini maboti akakhala ndi injini ziwiri, ina yovuta kulira ina yolira kamodzi n'kamodzi, ndalama ya sevisi imapita ku yovuta ija. Yokhulupirikayo amangoti ilibe vuto, oilo tidzasintha mwezi wamawa. Imagwira ntchito kuposa inzake, imalandira zochepa kuposa inzake, mpaka tsiku lomwe idzazime pakati pa nyanja ndi alovi khumi m'boti. Chipani chimachitanso chimodzimodzi ndi madera. Ndalama, nduna zoyendera, malonjezo a chipatala, zonse zimathamangira komwe mpando ukugwedezeka.

Meagher anakwera mpaka kukhala nduna ya zaumoyo mu 2007, koma kwawo kwa ovota ankamunena kuti sakhala m'deralo, amakhala ku Coogee, kugombe la anthu opeza bwino kummawa kwa Sydney. Atatula pansi udindo mu 2008 kunachitika chisankho chapadera, ndipo apa m'pamene injini inatsokomola koyamba. Labor inaimika Nick Lalich, meya wa Fairfield, yemwenso anabadwira ku Egypt kwa makolo a Chisebiya othawa nkhondo. Liberal inaimika mayi wina mtolankhani wa wailesi ya ABC, dzina lake Dai Le. Mayiyu anabadwira ku Saigon mu 1968, anathawa ndi mayi ake ndi abale ake mu 1975, anakhala zaka m'misasa ku Philippines ndi Hong Kong, anaolokapo nyanja pa boti, n'kufika ku Australia mu 1979. Sanapambane, koma mavoti anasuntha ndi pafupifupi 22 pa 100 alionse kuchoka ku Labor. Mu 2011 anayesanso. Chaka chimenecho Labor inagwa chigawo chonse, inatsala ndi mipando 20 yokha mwa 93, ndipo Cabramatta inapulumuka pang'onong'ono, kusiyana kwake kunali kwa mavoti ochepa kwambiri poyerekeza ndi kale.

Chomwe chimandisangalatsa mwa mayi ameneyu si kupambana kwake, koma zomwe anachita ataluza. Sanasowe ngati mmene amasowera anzathu ena, omwe timawaona miyezi itatu ya kampeni kenako nambala yawo osapezekanso. Mu 2012 analowa khonsolo ya Fairfield ngati khansala, ntchito ya zinyalala, misewu ya m'makwalala ndi malo oimika galimoto. Mu 2016 chipani cha Liberal chinamuimitsa kwa zaka khumi chifukwa anapikisana ndi munthu wa chipanicho pa mpando wa meya. Anagwirizana ndi meya Frank Carbone, wa makolo a ku Italy, yemwenso anachotsedwa ku Labor. Mmodzi wotayidwa ndi chipani ichi, wina wotayidwa ndi chipani icho. Mu 2019 anaimanso ku Cabramatta ngati woima payekha, n'kuluzanso kachitatu.

Kenako kunabwera Covid. Pakati pa 2021 boma la chigawo, lomwe nthawi imeneyo linali la Liberal, linaika malamulo okhwima kwambiri m'madera a kumadzulo kwa Sydney kuphatikizapo Fairfield. Apolisi ochuluka, asilikali m'misewu, lamulo loletsa kuyenda usiku, pomwe anthu akuona pa TV anzawo a kummawa akuothera dzuwa pa mchenga wa ku Bondi. Anthu a ku Fairfield ambiri ntchito zawo si za pa kompyuta zoti n'kugwirira kunyumba, ndi oyendetsa malole, omanga, osamalira okalamba, onyamula katundu. Anamva kuti chipani china chimawalanga chifukwa sadzachivotera, china chimawaiwala chifukwa adzachivotera basi. Mawu omwe ankamveka kuwalankhulira tsiku ndi tsiku anali a meya ndi makhansala awo.

Mkati mwa ululu umenewo, Labor inachita chinthu chomwe mpaka lero ndimadabwa nacho. Cabramatta pa chisankho cha dziko lonse ili m'dera lalikulu lotchedwa Fowler, lomwe Labor inaligwira kuyambira pomwe linakhazikitsidwa mu 1984. Phungu wake, Chris Hayes, ankapuma, ndipo ankafuna kuti alowe m'malo mwake ndi Tu Le, loya wachitsikana wokulira m'deralo, mwana wa othawa ku Vietnam. Akuluakulu a chipani anakana. Anali ndi vuto lawo: Kristina Keneally, yemwe anakhalapo nduna yaikulu ya New South Wales kuyambira 2009 mpaka 2011, ankafunika mpando wotetezeka chifukwa malo ake ku nyumba ya Senate anali pa mkangano. Ndiye anangoti, ku Fowler kulibe vuto, tikamuike kumeneko. Mayi Keneally nthawi imeneyo ankakhala pa Scotland Island, kachilumba ka anthu olemera kumpoto kwa Sydney, komwe umafikako pa boti basi. Abale, ngakhale wolemba sewero sakanaipeka chonchi. Dera la anthu omwe anabwera pa maboti othawira imfa, akulipatsa munthu yemwe boti lake ndi lopitira kunyumba yapachilumba. Anasamukira m'deralo chisankho chitayandikira, koma anthu anali ataona kale.

Dai Le anaima payekha, Carbone ali pambuyo pake. Pa 21 May 2022 Labor inapambana dziko lonse, Anthony Albanese anakhala nduna yaikulu, koma Fowler, komwe chipani chinkatsogola ndi 14 pa 100 alionse, inapita kwa woima payekha. Usiku womwe chipani chinkavina m'dziko lonse, kuchipinda kunali maliro. Polankhula koyamba m'nyumba ya malamulo, Dai Le anavala chovala cha chikhalidwe cha ku Vietnam chosokedwa ndi nsalu ya mbendera ya Australia.

Wina anena kuti aaa, ndiye kuti a ku Vietnam anangovotera wakwawo. Masamu akukana. Ku Fowler anthu a ku Vietnam ndi ambiri koma safika theka la ovota. Muli a ku Iraq ndi Syria, omwe masauzande awo anakhazikika ku Fairfield zaka za posachedwapa, muli a ku China, Cambodia, Italy, Serbia, ndi azungu obadwira konko. Kuti apambane anafunika mavoti a onsewa, kuphatikizapo mavoti achiwiri a omwe anayamba ndi Liberal. Chomwe chinawagwirizanitsa si mtundu, koma kutopa ndi kuyesedwa katundu wa chipani.

Ndipo taonani liwiro lomwe chipani chinaphunzira nalo. Miyezi khumi yokha pambuyo pake, pa chisankho cha chigawo cha March 2023, Lalich atapuma, woimira Labor ku Cabramatta anali Tri Vo, loya wa m'deralo wochokera m'banja la ku Vietnam. Zomwe zinakanika zaka 42 zinatheka m'miyezi khumi. Sikuti mu 2023 m'pamene munabadwa munthu wophunzira woyamba mwa anthu amenewa. Analipo kalekale. Chinasintha n'chakuti akuluakulu anaona ndi maso awo kuti mpando utha kupita.

Tsono ndibwere kuno kwathu pang'ono, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuloza zala. Sinditchula chipani, chifukwa matendawa alibe mtundu wa nsalu. Chigawo chilichonse m'Malawi muno chili ndi madera omwe anthu amanyadira kuti kuno ngakhale mutaimika chitsa chipambana. Timanena monyada, osadziwa kuti tikudzitsitsa mtengo tokha. Pa chisankho cha chipulula timaona zomwe zimachitika: munthu yemwe anthu akumufuna amakankhidwa, n'kubwera wina wa ku tauni yemwe dzina la dooko lathu amachita kufunsa. Ndipo Amalawi si ogona pa nkhaniyi, mu 2019 aphungu 55 mwa 193 anapambana ngati oima paokha, ambiri mwa iwo anthu omwe zipani zawo zinawakana. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno woima payekha akangopambana, sabata yomweyo timamva kuti wabwerera kuchipani chomwe chinamutaya kapena walowa cholamula, ndiye chipani sichimva kuwawa kulikonse. Chaluza pa bokosi, chapambana ku Lilongwe. Ku Fowler mpando unapitadi, ndipo unakhala komwe unapitako.

Sindikunena kuti woima payekha ndi mngelo. Phungu wopanda chipani sakhala pa tebulo logawa ndalama za boma, ndipo otsutsa Dai Le amanena zomwezo, kuti amalankhula bwino koma alibe chikwama. Mfundo imeneyo ili ndi mutu, tisaikane. Komanso anthu a kumeneko ali ndi zinthu zomwe ife tilibe. Kuvota kokakamiza kumachititsa kuti wosauka aliyense afike pa bokosi, ndiye sungapambane pongodalira kuti otopa akhala kunyumba. Kulemba 1, 2, 3 kumachititsa kuti munthu ayese woima payekha popanda mantha oti voti yake yatayika, pomwe kuno anthu asanu abwino amagawana mavoti n'kupambana wachisanu ndi chimodzi ndi kachigawo kochepa. Ndipo kumeneko munthu savota chifukwa cha 2,000 kwacha ndi nsalu, pakuti boma limamupatsa kale kangachepe akakhala pa ulova. Njala yathu ndi ina, ndikudziwa. Munthu amene wabwera kunyanja chimanjamanja masiku anayi otsatizana sungamuuze za mfundo iye akuona ufa.

Komabe pa mfundo yaikulu ija sindisuntha. Cabramatta inavotera chipani chimodzi mokhulupirika pa nthawi ya heroin, ndipo inalandira mawu oti zinthu zikuyenda. Inayamba kuwerengedwa pomwe kusiyana kwa mavoti kunachepa. Ndipo chonde mvetsani, anthu aja sanasiye Labor yonse. Pa mpando wa chigawo akuivoterabe mpaka lero. Anangoonetsa kamodzi, pa mpando umodzi, kuti dzanja lomwe limachonga ndi lawo. Inu amene mumati kuvotera wina ndi kugulitsa mtundu, tandiuzeni, amene wagulitsa mnzake ndani pakati pa wovota yemwe wadikira zaka 20 msewu wopita kudooko osakonzedwa, ndi chipani chomwe chikumutumizira mlendo chifukwa chikudziwa kuti sakana?

Mu May 2025 kunachitikanso chisankho cha dziko lonse. Ulendo uno Labor inaimika Tu Le, yemwe uja anamukankha mu 2021. Amayi awiri, onse a magazi a ku Vietnam, onse a m'deralo, ndiye nkhani ya wakwathu inafera pomwepo. Labor inapambana dziko lonse ndi mipando yochuluka kuposa kale, madera omwe sinkawalota n'komwe anagwa m'manja mwake. Fowler sinabwerere. Dai Le anapambananso. Chisankho chotsatira cha chigawo cha New South Wales chili mu March 2027, ndipo Tri Vo adzayenera kukapempha mavoti m'misewu yomweyo ya Cabramatta ndi Canley Vale momwe anthu ake pa chisankho cha dziko lonse akhala akulemba 1 pa dzina la munthu wopanda chipani kawiri konse.